Kumene Mandala a Kadzidzi Adapita: Za Ng'ala ya Paubwana ndi Kagalasi Koika M'diso Munthu Atakula



A Mlembi atandiimbira lamya kuti ndidzayankhulepo pa msonkhano wa chaka chino, ndidayesa akufuna ndidzafotokoze za penshoni kapena za kukwezedwa pa ntchito m'boma, poti ndi kumene ndimadyera. Koma iwo adati ayi, anthu akufuna kudziwa kumene mandala anu aja adapita. Tsono ndabwera kudzayankha funso limenelo. Ndineneretu kuti ine si dokotala. Ku Chancellor College ndidaphunzira za kayendetsedwe ka boma, ndipo zimene ndinene pano ndi zimene zidandichitikira ine mwini, pamodzi ndi zimene ndidafunsa ndi kuwerenga m'zaka ziwiri zimene ndidakhala ndikuzengereza.

Amene tidayamba limodzi Fomu 1 mu 1994 mukukumbukira kuti dzina langa la ubatizo lidathera pa geti. Tsiku loyamba lomwe, mkulu wina wa Fomu 3 adandiyang'ana m'maso nati, "Uyu ndi Kadzidzi," ndipo dzinalo lidandikakamira mpaka lero. Ndamuona mkuluyo wakhala chakumbuyo uko, ndipo ndidamukhululukira kalekale, chifukwa sadaname. Mandala aja adali okhuthala ngati pansi pa botolo, ndipo maso anga ankaoneka aakulu kuposa nkhope. Chimene ambiri simunkadziwa ndi chifukwa chake. Ine sindidali ndi vuto la maso wamba. M'maso mwangamo mudalibe kanthu kena kamene inu nonse mudabadwa nako.

M'kati mwa diso, kuseri kwa mwana wa diso, muli kagalasi kachibadwa koonekera mbee, kokula ngati kambewu ka nyemba yaing'ono, kokhala m'kathumba kopyapyala. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa kuwala kuti chithunzi chigwere bwino pa kansalu ka kumbuyo kwa diso kamene madokotala amati retina. Kagalasi kameneka kakachita chifunga, ndiye ng'ala imeneyo. Ambiri timaidziwa ngati nthenda ya agogo, koma ilipo ya ana: ena amabadwa nayo, ena imawagwira akukula, ena diso likavulala. Ine idandigwira maso onse awiri. Lakumanzere lidayera ndili wamng'ono kwambiri, lakumanja lidatsatira pang'onopang'ono. Agogo anga adayesa kudontheza za zitsamba, osathandiza, mpaka mphunzitsi wa Sitandade 1 adaitana bambo anga n'kuwauza kuti mwanayu si wopusa, koma sakuona bolodi. Adandichita opaleshoni mu 1987 ndili ndi zaka 7. Adachotsa ng'ala, ndiye kuti adachotsa kagalasi kaja, ndipo m'malo mwake sadaikemo kanthu. Ntchito ya kagalasiko idasamukira pamphuno panga.

Wina angafunse kuti adalekeranji kuikamo kagalasi kopanga nthawi yomweyo, monga amachitira ndi agogo athu masiku ano. Nzeru yake idalipo kale. Dokotala wa ku England, Harold Ridley, adaona kuti oyendetsa ndege za nkhondo amene tizidutswa ta pulasitiki ya pa zenera la ndege tidawalowa m'maso, maso awo sankalimbana nato tizidutswato. Kuchokera pamenepo adapanga kagalasi ka pulasitiki, ndipo opaleshoni yoyamba adaichita mu 1949 pa chipatala cha St Thomas' ku London. Koma kwa zaka zambiri timagalasiti tidali todula, ta mayiko olemera. Mtengo udayamba kutsika pamene fakitale ya Aurolab idatsegulidwa ku Madurai, m'dziko la India, mu 1992, ndi pamene bungwe la Fred Hollows lidatsegula mafakitale ku Eritrea ndi ku Nepal mu 1994. Ine adandichita zonsezi zisadafike. Chifukwa chachiwiri n'chakuti diso la mwana limakula, ndipo kagalasi koyenera lero kakhoza kukhala kosayenera mwanayo akakula. Ngakhale ku America, kafukufuku wa makanda 114 wotchedwa Infant Aphakia Treatment Study adapeza kuti makanda oikidwa kagalasi asadakwane miyezi 7 sankaona bwino kuposa anzawo ovala timagalasi tomata pa diso, koma ankabwerera ku opaleshoni kawirikawiri. Choncho sindidandaula ndi amene adandichita. Adandipatsa zimene zidalipo, ndipo ndi zimenezo ndidafika nazo ku Zomba.

Koma mandala amenewo, anzanga, ndi katundu. Mphamvu yake imakhala cha m'ma +10 mpaka +12, pamene ambiri a inu amene mwayamba kuvala owerengera muli pa +1 kapena +2. Amakuza chinthu chilichonse, mwina ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ukayang'ana chakumbali, mafelemu a chitseko amapindika ngati uta. Ndipo pali malo ena m'mbali mwake amene suonamo kanthu, kotero kuti chinthu chimasowa kenaka n'kungotulukira pamphuno. Amene munkandiseka pa bwalo la mpira kuti ndimathawa mpira, lero mwamva: sindinkauthawa, unkandidzidzimutsa. Ukawavula, dziko lonse limasanduka utsi. Ku bafa ndinkapita ngati wakhungu, ndipo usiku ndinkawaika m'nsapato pansi pa bedi kuti ndikadzuka dzanja lidziwe kopita.

Chaka cha Fomu 4, kutatsala milungu yochepa kuti tilembe MSCE, mandala aja adagwa pa simenti ku chipinda chodyera n'kusweka pakati. M'tauni mudalibe sitolo yokhala ndi amphamvu chotero; adachita kuitanitsa, ndipo adatenga milungu itatu. Milungu itatu imeneyo mnzanga wogona bedi la pamwamba ankandiwerengera manotsi a Biology ndi History mokweza nthawi ya prep, mpaka mawu kusasa. Iye adamwalira zaka zingapo zapitazo, ndipo sindidamuthokoze mokwanira. Ndati nditchule zimenezi pamaso pa inu amene munkamudziwa.

Ndidakhala nawo mandala otere mpaka nditapitirira zaka 40. Chidandipititsa ku chipatala si kufuna kuoneka bwino, ayi. Ntchito yathu idachoka m'mafayilo kupita pa kompyuta, ndipo madzulo alionse mutu unkandiwawa. Ndidangopita kukasinthitsa mandala. Dokotala wa maso amene adandiona adandifunsa kuti, "Bambo, mudayezetsa liti mphamvu ya madzi a m'diso?" Ndidati sindidayezetsepo chichitireni opaleshoni. Adagwira pakamwa. Atayeza adapeza kuti diso lakumanzere lili ndi glaucoma, nthenda imene madzi a m'diso amapanikiza ndi kupha pang'onopang'ono mtsempha wotumiza zithunzi ku ubongo. Kawirikawiri siipweteka, siifiiritsa diso, ndipo zimene yadya sizibwerera. Adandiuza kuti aliyense amene adachotsedwa ng'ala ali mwana amakhala pa chiopsezo cha nthendayi moyo wake wonse, ngakhale patapita zaka 20 kapena 30, ndipo ayenera kumayezetsa chaka ndi chaka. Ine palibe adandiuzapo, kapena adauza bambo anga iwo n'kuiwala. Kuyambira tsiku limenelo ndimadontheza mankhwala m'diso limenelo tsiku lililonse, ndipo ndidzatero mpaka kumanda.

Ndi dokotala yemweyo amene adandiuza kuti munthu wamkulu ngati ine akhoza kuikidwa kagalasi kopanga ngakhale ng'ala idachotsedwa kalekale. Mtima udadumpha. Koma iye adandikhazika pansi nati ndimvetse kaye chinthu chimodzi, ndipo chinthu chimenecho ndi chimene ndikufuna nanunso muchimvetse, chifukwa ambiri amakhumudwira pamenepa.

Kuona si ntchito ya diso lokha. Ubongo umaphunzira kuona mwana ali wamng'ono, makamaka m'miyezi yoyamba, ndipo sukulu imeneyi imatseka mwana akafika zaka 7 kapena 8. Diso limene lidatsekedwa ndi ng'ala nthawi imeneyo, ubongo sudaphunzire kuligwiritsa ntchito, ndipo limakhala lofooka ngakhale mutalikonza chotani pambuyo pake. Kagalasi katsopano sikaphunzitsa ubongo. Choncho muyezo wake ndi wapafupi: mmene mukuonera mutavala mandala oyenera bwino, kapena kagalasi komata pa diso, ndi pomwepo pamene opaleshoni ingakufikitseni. Ikupatsani ufulu wovula katundu wa pamphuno, ikupatsani kuona m'mbali, ibwezera zinthu pa msinkhu wake weniweni, koma mizere ya m'munsi pa tchati chija siidzawonjezeka kwenikweni. Diso langa lakumanzere, ngakhale ndi mandala, limangowerenga chilembo chachikulu cha pamwamba. Lakumanja ndi limene lidandiphunzitsa sukulu, ndi limene limadyetsa ana anga. Ndiye mwaona msampha wake: diso limene likadapindula ndi opaleshoni ndi lomwelo limene sindikadatha kulitaya.

Tsono njira zoikira kagalasiko zilipo zingapo, ndipo si wodwala amene amasankha ngati akusankha nsalu pa msika. Chimene chimalamula ndi zimene zidatsala m'disomo pa opaleshoni yoyamba ija.

Funso loyamba ndi lakuti kathumba kaja katsalako kapena ayi. Mwa ambiri amene adachitidwa ali ana, pakati pa kathumbako pamakhala pobooka koma mkombero wake umatsala, utamatana ngati nkhata. Ngati nkhata imeneyi ili yolimba kuzungulira konse, dokotala amakhazika kagalasi pamwamba pake, m'kangalande kamene kali kuseri kwa iris, ija mbali yofiirira ya diso yozungulira mwana wa diso. Iyi ndiyo njira yofatsa kuposa zonse, chifukwa kagalasi kamakhala pafupi ndi pamene Mulungu adaika koyamba kaja, ndipo palibe chosoka. Pamafunika kagalasi ka miyendo iwiri yopyapyala ngati waya. Kamene miyendo yake ndi yokhuthala, kaja amaika mwa agogo, sikayenera pamalo amenewa chifukwa kamakhula iris n'kuyambitsa kutupa. Nthawi zina dokotala amatha kutsegula nkhata ija, kuyeretsa m'kati, n'kulowetsa kagalasi m'kathumba mwenimwenimo, koma zimenezi sizitheka kawirikawiri pakapita zaka zambiri.

Kathumba kakakhala kuti kulibe, kagalasi kamasowa pokhala, ndipo pamafunika kukapezera pogwira. Njira yakale ndi kukaika kutsogolo kwa iris, miyendo yake itaponda m'ngodya za diso. Ndi opaleshoni yachangu, ndipo kwa munthu wokalamba imathandiza ndithu. Koma ngodya zimenezo ndi momwe madzi a m'diso amatulukira, ndiye kwa munthu wa glaucoma madokotala amazengereza. Komanso kagalasiko kamayandikana ndi cornea, lija khungu loonekera la kutsogolo kwa diso. Kuseri kwa khungu limeneli kuli timaselo timene timalisunga loyera, ndipo tikafa sitimeranso. Munthu wa zaka 40, amene akuyembekeza kukhala ndi kagalasiko zaka zina 30, ayenera kuwerengetsa kaye timaselo timeneti.

Njira ina adaiyambitsa dokotala wa ku Netherlands, Jan Worst, mu 1978. Kagalasi kake kali ndi timapanda tiwiri ngati zala za nkhanu, ndipo kamatsina iris mbali ziwiri n'kulendewera pamenepo, kaya kutsogolo kaya kuseri kwake. Kamafuna iris yathanzi, yosang'ambika. Ine njira imeneyi idandikopa chifukwa chosasoka, ngakhale kuti kuganiza za nkhanu m'diso kudandisowetsa tulo usiku umodzi.

Kenaka pali kumangirira kagalasi ku choyera cha diso, khoma lake lenileni. Ena amasoka ndi ulusi wopyapyala kuposa tsitsi. Vuto lake n'lakuti ulusi umatha kuduka patapita zaka zambiri, kagalasi n'kupendekeka kapena kugwera m'kati, ndipo wachinyamata ndiye amakhala ndi zaka zokwanira kuti zimenezi zimupeze. Pofuna kuthawa ulusi, dokotala wa ku Japan, Shin Yamane, adafalitsa njira ina mu 2017: miyendo ya kagalasi amaitulutsa pa khoma la diso ndi tisingano tating'ono, nsonga zake n'kuzisungunula pang'ono kuti zichite kamutu ngati ka msomali, kenaka n'kuzibweza kuti zikakamire m'khomamo. Njira zomangirira ku khomazi ndi zazikulu kuposa zinazo. Kawirikawiri amayamba achotsako kaye madzi olimba ngati utomoni amene amadzaza kumbuyo kwa diso, ndipo zimafuna dokotala wozizolowera. Musachite manyazi kumufunsa kuti wachitapo kangati. Ife m'boma timafunsa za luso la munthu pomulemba ntchito yosunga mafayilo, nanga diso?

Ndipo pali njira imene anthu amaiiwala, yomwe ndi kusachita kanthu. Munthu akhoza kupitiriza ndi mandala ake, kapena kuvala timagalasi tomata pa diso, timene sitikuza zinthu kwambiri ndipo timaonetsa m'mbali. Ndidatiyesa miyezi inayi. Ndinkaona bwino zedi, koma fumbi la mwezi wa October ku Lilongwe lidandigonjetsa, ndipo timafuna ukhondo wa tsiku ndi tsiku ndi ndalama zosatha. Komabe miyezi inayi imeneyo siidapite pachabe, chifukwa idandilawitsa mmene ndikadaonera nditachitidwa opaleshoni. Aliyense woganiza za nkhaniyi ndimamulangiza ayambe walawa motero.

Opaleshoni iliyonse mwa zimenezi ili ndi zoopsa zake, ndipo dokotala adandiwerengera osabisa: tizilombo kulowa m'diso, magazi kutuluka m'kati, pakati pa retina kutupa, retina kumatuka, glaucoma kuyamba kapena kukula. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika pa diso lokhalo limene umaonera, ndiye kuti ntchito yatha. Ndidapita kunyumba, ndipo zaka ziwiri ndidakhala ndikusinthasintha maganizo. Mayi a kunyumba ankati akuluakulu adanena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo mandala anu ali pamphuno pomwepo, mukufunanso chiyani? Sindidawatsutse, chifukwa adali ndi mfundo. Munthu amene angasankhe kukhala ndi mandala ake mpaka kukalamba sadalakwe.

Chidandisuntha ndi zotsatira za kuyeza. Adandidontheza mankhwala okuza mwana wa diso, nayang'ana m'kati monse. Adayeza kutalika kwa diso ndi kupindika kwa cornea kuti adziwe mphamvu ya kagalasi koyenera. Adawerenga timaselo tija, adayang'ana retina mpaka m'mphepete, adayezanso mtsempha. Diso lakumanja lidapezeka ndi nkhata ya kathumba yolimba kuzungulira konse, madzi ake ali bwino, cornea ili bwino. Ndiye kuti lidali loyenera njira yofatsa ija. Likadafuna kusoka kapena kumangirira ku khoma, ndikukuuzani zoona, bwenzi lero ndaima pano ndi mandala anga. Lakumanzere lidapezeka lopanda kathumba, lili ndi glaucoma, komanso ndi lofooka chiyambire. Tidagwirizana kuti limenelo tilisiye.

Apa ndionjezepo kanthu kwa amene maso awo onse awiri amaona bwino. Mukaika kagalasi m'diso limodzi lokha, linalo n'kutsala ndi galasi lokhuthala, diso lina limaona chinthu chachikulu, lina chaching'ono, ndipo ubongo umalephera kuziphatikiza, mumaona ziwiriziwiri. Zikatero pamafunika kuchita maso onse awiri motsatana, kapena kuvala komata pa diso lotsalalo. Ine vuto limeneli silidandipeze chifukwa ubongo wanga udaleka kalekale kumvera diso lakumanzere.

Adandichita mu 2022. Sadandigoneke tulo, adangochititsa dzanzi diso, ndipo ndinkamva madokotala akukambirana. Sizidatenge ola lathunthu. M'mawa mwake atachotsa bandeji, chinthu choyamba chimene ndidaona chidali chakuti dziko lachepa. Namwino adali wamng'ono, chitseko chaching'ono, ndipo mayi a kunyumba, amene ndidakhala nawo zaka zoposa 15, adali ochepa thupi kuposa mmene ndinkawadziwira. Nditawauza adati ndiye mwachedwa kuchitidwa. Milungu iwiri yoyamba ndinkathira tiyi pambali pa kapu ndi kuphonya masitepe a ku ofesi, kufikira ubongo utazolowera. Koma tsiku limene ndidasamba n'kuona zala za kumapazi kwanga, kwa nthawi yoyamba chichokereni ku ubwana, ndidakhala m'bafamo nthawi yaitali ndithu.

Musaganize kuti mandala ndidasiyiratu. Kagalasi kopanga sikasintha mphamvu monga kachibadwa ka mwana. Kanga adakatchera kuona patali, ndiye powerenga ndimavala awa opyapyala amene ali m'thumba la malayawa, monga ambiri a msinkhu wathu. Tilipo timagalasi todula timene amati timaonetsa patali ndi pafupi pomwe, koma timagawa kuwala ndipo timafuna kukhala pakati penipeni, kotero kuti kwa diso lofooka, la glaucoma, kapena lopanda kathumba kabwino, madokotala ambiri satilimbikitsa. Pa tchati ndimawerenga mzere womwewo umene ndinkawerenga kale, monga adanenera dokotala uja. Ndipo kuyezetsa sikudathe. Ndimapitabe kawiri pa chaka.

Ndikudziwa kuti muno, kapena m'mabanja mwanu, alipo ena onga ine: amene adachotsedwa ng'ala ali ana, kapena diso lidalasidwa ndi kamtengo kapena legeni n'kuchotsedwa kagalasi. Kaya akufuna kagalasi katsopano kaya sakufuna, apite akayezetse mphamvu ya madzi a m'diso chaka chino. Zigawo za maso zilipo ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli chipatala cha maso cha Lions, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba, ku Mzuzu, ndiponso ku Nkhoma. Akafike ndi mafunso awa: kathumba kanga katsalako? Ndi mandala oyenera ndingaone mpaka pati? Cornea yanga ingapirire? Mwa njira zonsezi, yoyenera diso langa ndi iti, ndipo amaichita kuti? Ngati makadi akale a kuchipatala alipo, atenge. Anga adadyedwa ndi chiswe kumudzi, ndipo dokotala adachita kufufuza yekha zimene anzake adachita mu 1987.

Ndipo poti ambiri tsopano tikulera adzukulu ndi ana a abale, mukaona kadontho koyera pa mwana wa diso la khanda, kapena diso likuwala moyera pa chithunzi, kapena maso akungovinavina osakhazikika, musadikire kuti ayambe wakula, ndipo musadonthezemo kanthu. Ng'ala yobadwa nayo imafunika kuchotsedwa m'milungu yoyambirira, cha pakati pa 6 ndi 10, ubongo usadataye diso limenelo monga wanga udatayira lakumanzere. Komanso choyera chimenecho nthawi zina sichikhala ng'ala, chimakhala khansa ya m'diso, imene imapha mwana ikachedwa.

Bambo Wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri. Mandala akale aja ndabwera nawo, ali m'kachikwama aka. Pa nthawi ya nkhomaliro ndiwaika pa tebulo la pakhomo kuti aliyense wofuna awavale ndi kuyesa kuyenda nawo mpaka pa zenera, ndipo ndikupempha kuti woyamba akhale mkulu uja adanditcha dzina.